Mkamwini Wolowera Pansi pa Waya

Thoko, kuyambira m'mawa wakhala ukung'ung'udza mawu amodzimodzi, majini, majini, ngati munthu wobwebweta. Ukuti mawa uli ndi mayeso? Tseka kaye bukulo ndikuphunzitse ine, chifukwa majini amenewo anatsala pang'ono kundithetsera banja. Yamikani, foniyo ilowe m'thumba. Palesa, sendera kuno, ndipo usayambe "eish gogo" wakoyo, sindinayambe n'komwe.

Ana inu nkhosa mumaidziwa ili yoduladula m'pulasitiki. Ine ndinakula nazo zamoyo ku Chikwawa, kuchigwa kumene dzuwa la Okutobala limawotcha mapazi ngakhale uli pamthunzi. Nkhosa za bambo anga sizinali zokongola, ndisakunamizeni. Miyendo yaitali, ubweya waufupi ngati wa mbuzi, mawangamawanga thupi lonse, kumbuyo kukulendewera chimchira chonenepa chonga thumba la ufa. Palibe amene ankazimwetsa mankhwala. Udzu ukauma mchira uja unkaphwa pang'onopang'ono koma nkhosa n'kumayendabe, mvula ikagwa mchira n'kudzadzanso. Tsiku lopha imodzi, amayi ankasungunula mafuta a mchirawo m'phale n'kuwathira m'botolo. Ena tinkathira m'nyemba, ena tinkadzola m'ming'alu ya kuphazi. Inu mumadzola aja onunkhira zipatso, koma zidendene zanu ndaziona, sizikusiyana ndi zathu.

Agogo anu aamuna, malemu a Phiri, kwawo kunali ku Dedza, kozizira, kwa mbatata. Nkhosa anadzazidziwira kuno ku Joni. Atasiya ntchito ya mumgodi anakhalako zaka zingapo pa famu ya mzungu wina, kumene ankameta nkhosa zoyera za ubweya wambiri, ndipo kuyambira pamenepo kwa iwo nkhosa inali imeneyo basi. Zina zonse ankati ndi mbuzi zodzikweza. Ine ndinawatsatira mochedwa, ana athu awiri, Chikondi ndi Dalitso, atayamba kale sukulu. Masiku atatu m'basi, kudutsa Mwanza, Tete, Zimbabwe yense, nditakumbatira thumba la nandolo ngati khanda, miyendo itatupa ngati minsi. Lero amayi ako, Thoko, akakhala ola limodzi m'takisi amafika akudandaula msana.

Patapita zaka tinapeza malo pa puloti ina kuseri kwa Diepsloot, nthawi imeneyo mikhukhu, tinyumba ta malata tija, isanafike kumeneko. Mwini malo ankakhala m'tauni, ife n'kumayang'anira mpanda ndi mpope wa madzi. Anatilola kuweta, bola tisamusowetse mtendere. A Phiri fumbi la mumgodi linali litawakhala m'chifuwa, ntchito yolemetsa sankaithanso, ndipo chimene chinkawadzutsa m'mawa ndi nkhosa. Anasonkhanitsa zazikazi zisanu ndi ziwiri, zosakanikirana mitundu, zina zamawanga. Kenako tsiku lina ndinangomva galimoto yaima pageti, iwo akukuwa:

"Nabanda! Tulukani mudzaone Folomani!"

Kumbuyo kwa galimotoyo kunaima chinkhosa champhongo, choyera mbee, ubweya mpaka m'maso, nyanga zopindika ngati zoumba. Anali atamukonzera mpope mlimi wina, ndipo m'malo mwa malipiro anapempha nkhosayo. Dzina lija linamuyenera. Folomani ntchito yake inali kuima pamthunzi n'kumayang'ana anzake akudya. Anamumangira khola lakelake la malata atsopano, pamene chipinda chathu chinkadontha. Ankamupesa, kumuchotsa zisoso, kumulankhula Chifanakalo cha kumgodi. Ine ndikakhosomola ankati imwani madzi otentha. Folomani akayetsemula ankakwera takisi kukagula mankhwala.

Chaka choyamba Folomani anagwira ntchito yake, ngakhale mwaulesi. Ana anabadwa asanu ndi anayi, oyera ngati thonje, ndipo ngakhale ine ndinawakonda. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mvula ya mabingu ya kuno itayamba, udzu n'kumakhala wonyowa, ana aja anayamba kufooka. Ukatsegula chikope, m'kati mwayera. Pansi pa chibwano patupa ngati mwathiridwa madzi. Njoka za m'mimba zinkawayamwa magazi. Ena ntchentche zinawaikira mazira mu ubweya wonyowa uja, mphutsi n'kumawadya ali moyo. Mankhwala tinamwetsa, koma pofika Malichi anatsala awiri. Mwini malo anatipeza tikukwirira wachisanu ndi chiwiri, n'kunena kuti zikadzachitikanso nkhosa zonse zidzachoke, iye safuna matenda pamalo pake.

A Phiri anakhala pa chitini cha penti pakhomo la khola masiku ambiri. Chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinaona kuti nkhosa zikachoka, bamboyu atsatira. Ndinayesa kuwauza za nkhosa za kwathu zija, kuti mwina tipeze yamphongo ya mtundu wotero.

"Zija zokoka thumba kumbuyo? Aikona, Nabanda. M'khola mwanga simudzalowa mbuzi."

Tsono kuseri kwa waya wathu kunkakhala mayi wina wamasiye, Mpedi wa ku Limpopo, dzina lake Mma Tshepo. Tinkamvana m'chinenero chathuchathu, pang'ono Chizulu, pang'ono Chipedi, kwambiri manja. Anali ndi nkhosa zochokera kwawo, ndipo tsiku loyamba kuziona ndinagwira pakamwa, chifukwa zinali ngati za bambo anga zanditsatira pabasi. Dzinja lomwelo, udzu womwewo, iye sanakwirire ngakhale imodzi. Yamphongo yake inali yonyansa kwabasi, yofiirira, nthiti kuonekera, nkhope ngati ya munthu wothawa mlandu. Inkakonda kuima pawaya n'kumanunkhiza za kwathu. A Phiri ankaigenda, ndipo ndi iwo amene anaitcha Tsotsi.

Yamikani, ukumwetulira chiyani? Wazindikira kale? Magazi a ine amenewo.

A Phiri anaphunzira kwa mzungu uja kuti yamphongo imalowa kwa zazikazi pa nthawi yake, ndipo tsiku la Folomani anali atalizunguliza pakalendala, m'mwezi wa Meyi. Ndiye ine mwezi wonse wa Epulo ndinadzipereka kuti ndizikadyetsa zazikazi kumunsi kwa puloti, kuseri kwa mabulugama, kumene chifuwa chawo sichinkawalola kufika. Anandiyamikira mpaka kutchalitchi, akuti mkazi wanga wayamba kukonda ziweto. Masana aliwonse Mma Tshepo ankabwera ndi zoluka zake, n'kunyamula waya wapansi ndi mpini wa khasu, Tsotsi n'kukwawira kuno. Ife tinkakhala pamwala titatembenukira kwina, monga amachitira akuluakulu aulemu, iye akununkhiza fodya wake, ine ndikumuphunzitsa mayina a ndiwo za kwathu. Dzuwa likapendeka, Tsotsi n'kubwerera pansi pa waya pomwepo. Kanthu n'khama, ana inu, phwiti anakwatira njiwa.

Tsiku la pakalendala litakwana, a Phiri anamupesa Folomani n'kumulowetsa kwa zazikazi ngati mkwati. Zazikazi sizinamuyang'ane n'komwe. Anazungulira kamodzi, ananunkhiza apa ndi apo, n'kukagona pangodya.

"Ndi waulemu ameneyu," anatero a Phiri. "Sagwira ntchito anthu akuona."

Ine ndinati inde, abambo.

Vuto linabwera mu Seputembala, zitayamba kuswa. Nkhosa imakhala ndi bere miyezi isanu, ndipo zimenezi a Phiri ankazidziwa bwino. Ndinawapeza ataima m'khola, mwana woyamba akadali wonyowa, akuwerenga zala. Juni, Julayi, Ogasiti, Seputembala. Anabwerezanso. Ine ndinagwira chitseko. Kenako anatembenuka, nkhope yonse ikuwala.

"Mwaona mphamvu za Folomani? Miyezi inayi basi!"

Anawo anali ndi mawanga ofiirira, iwo anati atengera amayi awo. Ubweya unali waufupi, anati uchedwa koma ubwera. Chimene chikanandiulula ndi michira. Koma mzungu uja anawaphunzitsanso kumanga kamphira pamchira wa mwana wa masiku ochepa kuti uume n'kugwa. Ndiye umboni wonse ankaudula okha ndi manja awo, ine nditawagwirira miyendo.

Mvula inabwera, mabingu omwewo, udzu womwewo. Ndinkadzuka m'mamawa kukatsegula zikope za ana aja mmodzimmodzi, mtima uli m'mwamba. Zofiira. Mmodzi yekha ndiye anafa, ena onse ankadumpha pamiyala ngati sanamvepo za matenda. Chaka chotsatira ndinabwereza ulendo wa kumabulugama. Ana aakazi a chaka chatha ndinkawasiya kukhola, chifukwa anali asanakule, komanso ngakhale tsotsi ali ndi malire. A Phiri ananenepa, anayambanso kuimba muluzu. Kumapeto kwa mwezi ankakwera matakisi awiri kupita ku Jeppe kwa anzawo akale a kumgodi, ndipo ndikumva kuti bawo sinkaseweredwanso bwino, nkhani inali ya Folomani yokhayokha. Akuti chaka choyamba ana anafa chifukwa magazi anali asanazolowere malo.

Ndiye tsiku lina panabwera mtsikana wa kuyunivesite, atavala majombo, atanyamula kabokosi kozizira. Anali atachokera kwa Mma Tshepo, ndipo anaona nkhosa zathu kudzera pawaya. Atapereka moni wa "muli bwanji atate", a Phiri anatsala pang'ono kumukumbatira. Anali wa ku Chipata, dzina lake Misozi.

"Tikufufuza majini a nkhosa, atate."

"Majini?" A Phiri anabwerera m'mbuyo. "Mwanawe, pano ndi pa Akhristu. Nkhosa zanga zilibe majini. Ngati mukufuna zimenezo pitani kwa asing'anga."

Misozi anaseka mpaka anakhala pa ndowa. Thoko, tchera khutu, mayeso ako ndi awa. Anati si mizimu ayi. M'thupi la chamoyo chilichonse muli timalangizo tosaoneka ndi maso, theka tochokera kwa bambo, theka kwa mayi, ndipo n'timene timanena kuti ubweya ukhale wotani, mchira wotani, thupi lilimbane bwanji ndi matenda. Nkhosa za makolo, monga za Mma Tshepo, zakhala m'dziko la nkhupakupa, njoka za m'mimba ndi chilala kwa mibadwo yosawerengeka. Zosapirira zinkafa zisanabereke. Zopirira n'zimene zinkasiya ana, anawo n'kusiyanso ana, mpaka kupirira kunakhazikika m'magazi. Iye ndi anzake ankafuna kupeza kuti kupirirako kwalembedwa pati, mitundu imeneyi isanathe, chifukwa anthu akuitaya pothamangira nkhosa zikuluzikulu. Anati nkhosa ya ubweya si yoipa, koma makolo ake anasankhidwira ubweya, kudziko la nyengo ina.

A Phiri pa zonsezi anatolapo chimodzi, kuti pali makina otha kunena kumene mphamvu ya nkhosa yachokera.

"Yezani zonse," anatero. "Ndi Folomani yemwe. Boma lidziwe."

Misozi anatulutsa kapani kake n'kumadula kachidutswa ka khutu, kochepa ngati njere ya mpunga, nkhosa iliyonse kabotolo kake. Ine ndinamubweretsera tiyi, n'kufunsa ngati munthu wongofuna kudziwa:

"Kodi makinawo amadziwanso bambo wa mwana?"

"Amadziwa, amama. Makamaka ngati bamboyo tamudulanso khutu."

Tsotsi anali atadulidwa m'mawa womwewo. Tiyi uja theka anathera m'sosala.

Panapita miyezi inayi tikudikira. Katatu konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Ulendo wachitatu ndinafika mpaka pakuti "A Phiri, pali nkhani," iwo n'kundidula, akuti ngati ndi ya chikalata cha Folomani musadandaule, ndagula kale felemu yagalasi. Anaitulutsa pansi pa bedi kundionetsa. Ndinaiyamikira kuti ndi yokongola. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mbewayo ndinali ine.

Misozi ataimba foni kuti abwera Loweruka, a Phiri anaitana anzawo atatu a ku Jeppe. Mmodzi anali a Mbewe, amene kumgodi anali kalaliki. Folomani anasambitsidwa. A Phiri anavala jekete. Misozi atafika ndi mapepala ake, anayang'ana azibambo aja, anayang'ana felemu ili patebulo, kenako anandipempha kuti ndimuonetse kosamba m'manja. Titafika kuseri ananong'ona:

"Amama, ana onse khumi ndi asanu a zaka ziwirizi, palibe wa Folomani ngakhale mmodzi. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa, mwanangu. Nkhoswe wa ukwatiwo ndinali ine."

Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kenako anati ngati ndikufuna, iye angonena kuti nkhosazo ndi zathanzi, za ubambo azisiye. Ana inu, ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma m'mawa womwewo ndinali nditamva a Phiri akulonjeza a Mbewe kuti Folomani akabwerekedwa kwa mpongozi wa a Mbewewo, amene anali atangoyamba kuweta. Ndinakumbukira maenje asanu ndi awiri aja. Bodza langa linali lokoma likadali m'khola mwathu, koma tsopano linkapita kukapha ana a nkhosa a munthu wina.

Ndinabwerera, ndinagwada pafupi ndi mpando wa a Phiri, n'kuwapempha kuti tikalankhule pambali.

"Nenani pompano, Nabanda. Awa ndi abale anga, tinkatsikira limodzi pansi pa nthaka."

Ndinanena. Mabulugama, mpini wa khasu, Mma Tshepo, zonse. Kumbali kunamveka a Mbewe akulimbana ndi chinthu chapakhosi, osadziwika ngati n'chifuwa. A Phiri anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Miyezi inayi ija?"

"Inali isanu, abambo."

Anaimirira, anavula jekete, analipinda bwinobwino n'kuliika pa felemu paja. Kenako anakalowa m'khola la Folomani n'kutseka chitseko. Alendo anadya mofulumira n'kutsanzika.

Masiku asanu ndi anayi sanandilankhule. Chilichonse chinkadzera kwa nkhosa. Ankaima pakhomo n'kukuwa molunjika kukhola: "Folomani, uwauze amayiwo kuti mchere wachepa." Ine n'kuyankha: "Folomani, uwauze kuti mchere uli patebulo." Mukuseka, koma ine sindinkaseka. Tsiku lachisanu ndinamva akuti, "Folomani, uwauze kuti kwathu ku Dedza nyumba ilipo," ndipo sutikesi yawo ya kumgodi inali itatsitsidwa pamwamba pa kabati. Zaka zonse zija ndinawadikira ali kuno ine ndili kumudzi, ndiye tidzasiyane chifukwa cha nkhosa? Ndinalira ndikutsuka mbale.

Tsiku lakhumi ndinawapeza m'khola la zazikazi, atagwira kamwana kamodzi, akutsegula chikope chake. Anachiyang'ana, n'kugwiranso kena. Analankhula osatembenuka, koma ulendo uno sanadzere kwa Folomani.

"Za nkhosazi sizikundiwawa. Chikundiwawa n'chakuti munkandiona ndikuvala nsapato kupita ku Jeppe kukanama, inu n'kumandipukutira nsapatozo."

"Ndinalakwa pamenepo."

"Mukanandiuza."

"Ndinakuuzani. Munati mbuzi."

"Mukanandiuza kawiri."

Ndinati pepani, ndipo ndinanena zochokera pansi pa mtima. Ndinawauzanso kuti sindinkafuna kuwaona atakhalanso pa chitini cha penti chija. Anangondipatsa kamwanako kuti ndikagwire, iwo n'kumakachotsa zisoso.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi anandiuza kuti ndisavule chitenje chabwinocho. Anasankha kankhosa kakakazi konenepa kuposa tonse, anakamanga chingwe, n'kuvalanso jekete lija. Sitinadzere pawaya. Tinazungulira pamsewu mpaka pageti la Mma Tshepo, n'kuodira. Mayi uja atationa anafuna kubisala kuseri kwa thanki, chifukwa ankadziwa zonse zimene zinachitika. A Phiri anakhala pampando, anakhosomola, n'kundiuza kuti ndizimasulira.

"Mayi, tabwera ndi mlandu. Mwana wanu walowa m'mudzi mwathu popanda ankhoswe. Wabereka ana khumi ndi asanu. Sanalimeko ngakhale mzere umodzi, sanamangeko ngakhale nkhokwe. Kwathu mkamwini wotere timamupirikitsa ndi zikuni."

Ndinamasulira mmene ndikanathera, manja akuthandiza. Mma Tshepo anayang'ana pansi.

"Koma ana ali bwino," anapitiriza a Phiri. "Ndawayang'ana m'maso mmodzimmodzi. Ndiye landirani kankhosa aka, asewele, poti ana athu akwatirana, ukwati ukhale wodziwika. Kuyambira lero mkamwiniyo azilowera pageti ngati munthu. Ndipo michira sindidulanso."

Mma Tshepo analuluta mpaka agalu a pa puloti yachitatu anayankha. Atapukuta misozi anafunsa kuti nanga Folomani atani.

"Wapuma pa ntchito," anatero a Phiri. "Mafolomani onse ndi choncho. Ntchito agwira ena, penshoni adya iwo."

Ndipo anadyadi penshoni. Sanabwerekedwe kwa aliyense, sanaphedwe, anakalamba pamthunzi pake. Pilo amene umagonera iwe Palesa ukabwera kuno, ubweya wake ndi wa iyeyo. Ndi ntchito yokhayo imene anaigwira bwino.

Pobwerera tsiku limenelo tinkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha chifuwa chija. Pakati pa njira a Phiri anaima kuti apume, n'kundiyang'ana cham'mbali.

"Nabanda."

"Abambo."

"Mtsikana uja akadzabweranso ndi kapani kake, Chikondi ndi Dalitso nawonso tiwadule khutu?"

"Muwadule," ndinatero. "Koma makutu aakulu ngati anuwo akufunikanso makina? Dalitso akakhala kutsogolo m'takisi, a kumbuyo amamupempha kuti apinde limodzi aone msewu."

Anakweza manja onse awiri n'kugwira makutu awo, ngati akuwapeza koyamba. Anaseka mpaka kuseka kunasanduka chifuwa, ine n'kumawasisita pamsana pakati pa msewu, magalimoto akutiimbira mahutala.

Musaseke kwambiri, ana inu. Tagwirani anuwo.